Mmene mungagwirire ntchito yomanga mu Lusaka osawononga thupi lanu

Nyumba zambiri zomwe zikumera ku Chalala, ku Silverest, ku Lilayi ndi m'mbali mwa Great East Road sizimangidwa ndi makampani akuluakulu. Mwini puloti amapeza bilikileya, bilikileya amabwera ndi madakaboyi awiri kapena atatu, mtengo agwirizana pakamwa, mawa lake fosholo yayamba kulira. Pamalo otere palibe woyang'anira chitetezo, palibe bokosi la mankhwala, ndipo mwini nyumba amangobwera Loweruka kudzawerenga matumba a simenti. Woteteza thupi lanu ndinu nokha. Malangizowa ndi a anthu ogwira ntchito chotere, ndipo ndachedwa dala pa simenti ndi fumbi, chifukwa munthu wogwa pa sikafodi aliyense amamuona, koma wodwala mapapo amakafera kwawo ku Petauke kapena ku Katete patapita zaka, anthu n'kumati anamulodza.

Choyamba: kambiranani musanagwire fosholo

Pokambirana za malipiro, funsaninso za majombo, magolovesi, chipewa cholimba ndi zotseka pamphuno. Musachite manyazi ngati mukupempha thandizo. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la mu 2010 linaika udindo wogula zovala zodzitetezera pa wolemba ntchito, ndi ndalama zake, osati kukudulani pamalipiro. Funsaninso ngati kontirakitala analembetsa ku Workers' Compensation Fund Control Board. Bungwe limeneli ndi lomwe limalipira wantchito wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito, ndipo ndalama zopereka kumeneko zimachokera kwa bwana, osati kwa wantchito. Kontirakitala weniweni amakhalanso ndi chiphaso cha National Council for Construction.

Ndikudziwa kuti pa ganyu ya masiku ochepa mafunso amenewa angakuchotsetseni ntchito musanaiyambe, popeza pageti pali anyamata ena akudikira. Ngati zili choncho, chitani chaching'ono ichi: gulani kope, tsiku lililonse lembani deti, malo, dzina la amene wakulembani ntchito, ntchito yomwe mwagwira ndi ndalama zomwe mwalandira. Jambulani malowo pafoni. Tsiku lomwe mudzavulale, mawu oti "uyu sindimudziwa" amatuluka msanga pakamwa pa anthu, ndipo kope lija ndi lomwe lidzakuyankhulireni ku ofesi ya zantchito.

Chachiwiri: zungulirani malowo m'mawa uliwonse

Mphindi zochepa zokha. Matabwa a shatala (otchingira konkire isanaume) omwe anagumulidwa dzulo amagona misomali itayang'ana kumwamba: ipindeni ndi hamala kapena izuleni, matabwawo muunjike pamodzi. Nsonga za zitsulo zomwe zatulukira pa mizati zipindeni kapena zivekeni mabotolo apulasitiki. Yang'anani kumwamba muone pomwe padutsa mawaya a ZESCO, chifukwa chitsulo cha mamita 12 kapena lata lalitali silifuna kuchita kugunda waya, magetsi amphamvu amatha kulumpha likangoyandikira. Chingwe cha galainda chomwe chalumikizidwa ndi pepala lapulasitiki n'kugona m'matope chikonzedwe ntchito isanayambe. Masiku a kuthimathima kwa magetsi jenereta ikhale panja. Utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha womwe umapha munthu m'chipinda chotseka, ndipo umayamba ndi mutu ndi chizungulire basi.

Chachitatu: simenti isakhale pakhungu

Simenti youma ya m'thumba imaoneka yofatsa. Ikakumana ndi madzi, kapena thukuta lanu, imasanduka yaukali wa gulu limodzi ndi soda wopangira sopo. Pa sikelo ya pH, yoyezera ukali wotere, imafika 12 mpaka 13. Choipa chake n'chakuti siotcha nthawi yomweyo. Tsiku lothira silabu munthu amaima m'konkire kuyambira m'mawa, madzi a simenti alowa m'jombo kudzera pamwamba kapena pong'ambika, iye osamva kanthu chifukwa mikisa ikulira ndipo a foromani akukuwa kuti mawilibala afulumire. Madzulo povula jombo apeza sokosi yamatirira pa kakolo, khungu layera mbuu ngati lophikidwa, m'mawa mwake pasanduka zilonda zakuya zozungulira mwendo pomwe pamathera jombo. Zilonda zoterezi zimatenga masabata kuti zipole, nthawi zina mpaka kuchita kumezanitsa khungu ku chipatala chachikulu cha UTH.

Chitani motere. Musanavale majombo, athireni madzi muone ngati akudontha. Miyendo ya thalauza kapena ovolosi ikhale kunja kwa jombo, osaipisa mkati, kuti konkire itsetsereke panja. Ena amamanga ndi lamba wa chubu pamwamba pake, ndipo n'zanzeru. Konkire ikalowa, musadikire kuti silabu ithe: tulukani, vulani, tsukani mwendo ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 20, tsukaninso jombo, sinthani sokosi. Pogwada posalaza pansi ikani thabwa, mawondo asakhudze daka. Magolovesi akhale a labala okhuthala. A nsalu amamwa madzi a simenti n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse, bola kukhala opanda.

Palinso vuto lina la pang'onopang'ono. M'simenti muli kachitsulo kotchedwa chromium komwe thupi la anthu ena limayamba kudana nako. Manja amayabwa, amang'ambika m'mizere ya zala, amatuluka madzi. Thupi likangoyamba kudana nako silisintha, ndipo amisiri ena abwino anasiya chipande chifukwa cha zimenezi. Choncho sambani m'manja ndi sopo musanadye nsima ndiponso poweruka, mupukute, mudzole Vaseline kapena glycerine. Osasamba ndi dizilo, petulo kapena tina (thinner, yosungunulira penti). Zimachotsadi penti msanga, koma zimachotsanso mafuta a pakhungu, simenti ya mawa n'kupeza khomo lotsegula.

Simenti kapena laimu ikagwera m'diso, osatikita. Pendeketsani mutu, tsegulani chikope ndi zala, mnzanu athire madzi oyera mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ululu utachepa.

Chachinayi: fumbi, makamaka lomwe simuliona

Mumchenga, m'konkire, m'mabuloko, m'njerwa, m'matailosi ndi m'miyala yambiri muli silika, mtundu wa mwala wolimba. Ali mkati mwa buloko alibe vuto. Mukadula ndi galainda, kuboola ndi dirilo kapena kusema khoma polowetsa mapaipi a magetsi, amasweka kukhala tinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Fumbi lalikulu limatsalira m'mphuno, mumalimina madzulo. Laling'onolo limatsika mpaka pansi pa mapapo ndipo silitulukanso. Mapapo amapanga zipsera kuzungulira tinthu timeneti, amauma, munthu n'kuyamba befu pokankha wilibala yomwe kale ankathamanga nayo. Matendawa ndi silikosisi. Anthu a ku Copperbelt amawadziwa bwino chifukwa cha migodi, n'chifukwa chake Occupational Health and Safety Institute ili ku Kitwe, koma galainda ya ku Ibex Hill imatulutsa silika yemweyo. Matendawa alibe mankhwala ochiza. Amatenga zaka 10 kapena kuposerapo kuti aonekere, koma fumbi likachuluka kwambiri amabwera msanga. Komanso mapapo a silika amagwidwa TB mosavuta kuposa mapapo abwino.

Njira yoyamba si chotseka pamphuno ayi, ndi madzi. Boolani kabowo pa chitsekerero cha botolo la malita awiri, dakaboyi azithira madzi pang'onopang'ono pomwe disiki ikudula, kutali ndi mota ndi chingwe, ndipo chingwecho chikhale chosabooka paliponse. Matailosi nyowetsani musanadule, kapena gwiritsani ntchito chodulira cha pamanja chomwe chimangolemba mzere n'kuthyola. Dulirani panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pomwe mphepo ya mu Lusaka imanyamula chilichonse, onaninso komwe fumbi lanu likupita, chifukwa mnzanu womanga kuseri akulipuma osadziwa. Posesa m'nyumba yomwe mwapaka pulasitala wazani madzi kaye. Thumba la simenti litsegulidwe ndi mpeni n'kukhuthulidwa pafupi ndi pansi, osalikutumula m'mwamba kuti mutulutse kotsala.

Tsopano chotseka pamphuno. Kansalu, mpango, sikipa yomangidwa kumaso, ngakhale timasiki tabuluu ta nthawi ya Covid, zonsezi zimagwira fumbi lalikulu lokha. Funsani m'mahadiweya chomwe chalembedwa N95, FFP2 kapena FFP3, chokhala ndi zingwe ziwiri zozungulira mutu ndi kachitsulo kopinda pamphuno. Mukavala, phimbani ndi manja n'kupuma mwamphamvu: mpweya ukamatulukira m'mbali mwa mphuno, sichinagwire. Ndevu zimalepheretsa kuti chigwire bwino, ndiye ometa ali ndi mwayi. Chikada mkati kapena kupuma kukayamba kuvuta, chatha ntchito, ndipo sichichapidwa.

Pali chikhulupiriro chomwe chafala pakati pa amisiri, choti mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa. Mabwana ena amachikonda chifukwa paketi ya mkaka ndi yotchipa kuposa masiki abwino. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo, njira zake n'zosiyana. Imwani mkaka chifukwa ndi chakudya, koma musauwerengere ngati chitetezo.

Samalani mwapadera mukaitanidwa kukakonza nyumba zakale za khansolo ku Matero, ku Chilenje, ku Libala kapena ku Kabwata. Madenga ambiri kumeneko ndi a asibesitosi. Osawadula ndi galainda, osawaboola, osawakwecha ndi bulashi ya waya. Ulusi wake umayambitsa khansa ya m'chifuwa yomwe imaonekera patapita zaka 20 mpaka 40. Ngati akuchotsedwa, anyowetseni, masulani mabawuti, atsitseni athunthu mmodzimmodzi, osawaponya pansi, ndipo zidutswa zake zisaphwanyidwe kuti zikwirire maenje a mumsewu. Denga lotere likakalamba limafumbutuka, choncho osaponda pakati pake. Yalani thabwa lodutsa pa mitanda. Zovala za tsiku limenelo zinyowetseni ndi kuzichapa pazokha. Ngakhale masiku wamba, ovolosi ya fumbi isakakutumulidwe m'nyumba momwe mukugona ana.

Chachisanu: pokwera pamwamba

Sikafodi ya pamapuloti ambiri ndi migolo iwiri, mabuloko pamwamba pake, ndi thabwa limodzi lomwe lagwira kale ntchito pa nyumba zitatu. Khoma likamakwera amangowonjezera buloko. Apa ndiye pomwe anthu amathyokera misana, ndipo sipafunika nyumba yosanja: kugwa kuchokera pa lintala, pamwamba pa chitseko kapena windo, n'kokwanira ngati mwagwera mutu kapena pa chitsulo.

Sikafodi iime pa nthaka yolimba, miyendo yake itaponda pa matabwa, osati pa mabuloko oimika. Poponda pakhale matabwa osachepera atatu ogundana, omangidwa kuti asasunthe, opanda mfundo zikuluzikulu kapena ming'alu. Mukapitirira mamita awiri ikani chotchinga kumbuyo, chofika m'chiuno. Ngati ndi ya mitengo ya bulugamu, onani misomali ndi mawaya ake m'mawa uliwonse ndiponso mvula ikagwa. Osaunjika mabuloko a tsiku lonse pakati pa thabwa. Akwere ochepaochepa, aikidwe pafupi ndi miyendo.

Makwerero atsamire motere: pa mamita anayi aliwonse okwera, phazi lake litalikire mita imodzi kuchokera kukhoma. Apitirire pomwe mukutsikira ndi mita imodzi, amangidwe pamwamba kapena wina agwire pansi. Ndowa ya daka ikwere ndi chingwe, manja onse awiri akhale a makwerero. Oika malata ayambe mame atauma, ndipo mphepo ikakula atsike, chifukwa lata limamukoka munthu. Lamba wodzimangirira ngothandiza pokhapokha wakoledwa pa chinthu cholimba pamwamba panu, osati kungomuvala kuti abwana aone.

Za mowa ndinena mwachidule. Kachasu ka m'mawa "kochotsa matsire" ndi sikafodi siziyendera limodzi, ndipo foromani wabwino munthu wotere amamupatsa ntchito ya pansi kapena kumubweza.

Chachisanu ndi chimodzi: maenje

Dothi lodzaza mita imodzi mbali zonse limatha kulemera kuposa tani imodzi ndi theka. Likakugwerani kufika pachifuwa simungapume ngakhale mutu uli panja. Dzenje la sepitiki thanki, sokawe (dzenje lomwera madzi oipa) kapena maziko likapitirira mita imodzi ndi masentimita 20, makoma ake apendeketseni kapena muwatchinge ndi matabwa. Dothi lokumbidwa, milu ya mabuloko ndi galimoto ya mchenga zikhale kutali ndi m'mphepete, mita imodzi kapena kuposa. Makwerero akhale m'dzenjemo nthawi zonse, ndipo munthu asakumbe yekha.

Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, ndipo ku Kanyama, ku Misisi ndi ku Chawama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi dzenje lomwe linali lolimba madzulo limapezeka m'mawa litamwa madzi. Osalowamo musanaone ming'alu m'mphepete, ndipo poweruka litchingeni chifukwa cha ana a m'komboni.

Sepitiki thanki yakale kapena chitsime chakuya ndi nkhani ina. Mumakhala mpweya woipa womwe umakomola munthu asanakuwe n'komwe. Kawirikawiri pamafa awiri kapena atatu, chifukwa wachiwiri amalumphiramo kukapulumutsa woyamba. Mnzanu akakomoka m'menemo, osalowa. Itanani ozimitsa moto, ndipo ngati anamangidwa chingwe, monga ayenera kuchitira aliyense wolowa, mukokeni muli panja.

Chachisanu ndi chiwiri: msana, makutu ndi maso

Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Anyamata amapikisana kunyamula awiri pamutu potsitsa pa lole, ndipo msana umasunga ngongole imeneyo mpaka zaka za m'ma 40. Nyamulani awiriawiri kapena pa wilibala. Pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi mimba, potembenuka sunthani mapazi osati kupotoza chiuno. Mulu wa mchenga ndi mabuloko utsitsidwe pafupi ndi pomwe mukumanga. Tayala la wilibala lipopedwe. Zimaoneka zazing'ono koma laphwa limadya mapewa.

Phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola 8 limawononga makutu, ndipo galainda ndi jekihama zimapitirira pamenepo kutali. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu woima pafupi nanu amve, tsekani makutu. Totsekera ta siponji ndi totchipa, thonje silithandiza. Kulira kwa m'makutu usiku ndi chizindikiro choti ayamba kuwonongeka, ndipo kumva kukapita sikubwerera. Pa jekihama ndi kompakita muzisinthana, zala zikayamba dzanzi mupumule.

Galainda isachotsedwe chotchinga chake kuti mulowetse disiki yaikulu. Disiki ikasweka zidutswa zake zimapita kumaso ndi pakhosi. Magalasi oteteza avalidwe podula, posema ndi pokhoma misomali ya konkire. Owotcherera mageti ndi mabagala baa asadalire magalasi a dzuwa a ku Kamwala, ndipo wogwirizira chitsulo nayenso atetezedwe. Kuwala kwa weding'i kumaotcha diso, ululu n'kuyamba usiku patapita maola 6 mpaka 12, ngati mwathiridwa mchenga. Osathiramo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena mankhwala a m'maso obwereka. Ikani kansalu konyowa kozizira pa zikope, khalani mumdima, ululu ukapitirira tsiku limodzi kapena ngati mukuganiza kuti mwalowa kachitsulo pitani kuchipatala. Opaka penti ndi vanishi atsegule mawindo onse, ndipo adziwe kuti masiki a fumbi sagwira fungo la tina.

Chachisanu ndi chitatu: dzuwa ndi madzi akumwa

Mu Okutobala ntchito yolemetsa, monga kukumba ndi kusakaniza konkire, iyambe m'mamawa kuti dzuwa likafika paliwombo mukhale pa ntchito ya pamthunzi. Imwani kapu ya madzi mphindi 15 mpaka 20 zilizonse osadikira ludzu. Mkodzo ukhale woyera. Ukafiira ndiye kuti thupi likusowa madzi. Maheu ndi munkoyo zimathandiza, zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu sizilowa m'malo mwa madzi. Munthu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo apite kuchipatala msanga.

Madzi a mumgolo wosakanizira daka si akumwa. Nthawi zambiri amachokera m'zitsime zosaya kapena pa bauza yosadziwika komwe yatunga. Tonse tikukumbuka kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ya kumayambiriro kwa 2024 pomwe Heroes Stadium inasanduka chipatala. Khalani ndi chigubu chanuchanu chotseka, chothiridwa klorini kapena cha madzi owiritsa, ndipo pamalopo pakumbidwe chimbudzi sabata yoyamba. Mlonda kapena aliyense wogona pa saiti agone m'neti, mbaula ikhale panja.

Chachisanu ndi chinayi: ngozi ikachitika

Wogwa kuchokera pamwamba asadzutsidwe kuti "tione ngati angaime". Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena miyendo sakuimva, asasunthidwe. Ngati palibiretu ambulansi, anthu angapo amunyamulire pamodzi pa chitseko kapena thabwa lalikulu, mmodzi atagwira mutu kuti usagwedezeke, osamupinda pa mpando wa takisi. Wogwidwa ndi magetsi musamukhudze musanathimitse. Ngati switchi ili kutali, kankhani chingwecho ndi thabwa louma, koma mawaya akuluakulu a ZESCO musawayandikire n'komwe. Bala lotuluka magazi lipanikizeni ndi nsalu yoyera osasiya. Osathirapo simenti, dothi, petulo kapena mafuta a mabuleki. Bala la msomali, ngakhale laling'ono, litsukeni ndi sopo ndi madzi ndipo mukafunse jakisoni wa kafumbata tsiku lomwelo.

Dziwiranitu chipatala chapafupi. Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje ndi komboni ya Chipata kuli zipatala za boma, ndipo zovuta kwambiri amazitumiza ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Mukafika nenani momveka kuti mwavulala pa ntchito, zilembedwe choncho pa khadi. Sungani khadilo ndi malisiti onse, jambulani malo a ngoziyo asanakonzedwe, lembani maina a omwe anaona. Abwana akakupatsani kangachepe ka "mankhwala", landirani ngati mukufuna, koma osasaina pepala lomwe simunaliwerenge, ndipo akakana kukanena za ngoziyo ku Workers' Compensation, mukhoza kupitako nokha ndi mapepala anu.

Mukakhosomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kapena kuchita befu pa ntchito yomwe kale simunkaimva, pitani mukapimitse makhololo. Kupima ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma. Auzeni adokotala zaka zomwe mwakhala mukudula mabuloko, matailosi kapena kuphwanya miyala, ndipo pemphani X-ray ya pachifuwa, chifukwa silikosisi saoneka m'makhololo ndipo dokotala sangaiganizire ngati simunatchule ntchito yanu.